Kuukitsa Ziphapha: Magalimoto Akale ku Chigwa cha Shire

(Kulira kwa valimba, kenaka kutsika pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Lero tili pa Makhanga, m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, m'boma la Nsanje, ndipo nkhani yathu ndi ya magalimoto akale: kagulidwe kake, kakonzedwe kake ndi kasungidwe kake. Sendezani mipando pafupi, timve.

WOKAMBA: Zikomo kwambiri. Mafumu, anyakwawa, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata ndi atsikana, ndakupatsani moni nonse.

Munthu aliyense amene adayendapo mumsewu wa kum'mawa kwa Shire, kuchokera pa Thabwa kudzera pa Livunzu, Nkhate ndi Masenjere kufikira pa Fatima, ngati maso ake sadali pa mabampu okha, adaona kuseri kwa nyumba zina, pansi pa mitengo ya masawu, ziphapha za magalimoto zimene matayala ake adaphwa kalekale, m'mene nkhuku zimaikiramo mazira ndipo mbuzi zimausamo dzuwa la mwezi wa Okutobala likakula. Ambiri a ife timangodutsa osacheuka, poyesa kuti ndi zinyalala zodikira wogula zitsulo zakutha. Komatu kunja kuno kuli anthu, ndipo si opepera ayi, amene angathe kuwoloka nyanja zamchere kudzafuna chiphapha chotere, nachigula, nachitengera kwawo, nakhala zaka zingapo akuchipukuta ndi kuchimanga usiku ndi masiku opuma, osati chifukwa chosowa choyendera, koma chifukwa mtima wawo umakondwera kumva injini imene idakhala chete zaka makumi atatu ikuliranso.

Anthu otere ali ndi bungwe lawo la dziko lonse lotchedwa FIVA, limene lidakhazikitsidwa mu 1966, ndipo mwa malamulo ake galimoto imayamba kuwerengedwa kuti ndi ya mbiri ikakwanitsa zaka 30. Ku Mangalande, chaka ndi chaka m'mwezi wa Novembala, magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 amanyamuka mumzinda wa London kupita ku Brighton, makamu a anthu ataima m'mbali mwa msewu kuwaombera m'manja. Kwa iwowo ndi masewera a munthu wokhuta. Kwa ife kuno, monganso kwa anthu a ku Cuba amene mpaka lero akuyendetsa magalimoto a ku America a m'zaka za m'ma 1950 popeza atsopano adawasowa, ntchito yomweyi tidaiphunzira ndi umphawi. Ndipo ine ndinena mosaopa kuti makaniko wa pa Bangula kapena pa Nchalo, amene amadula gasiketi pa katoni ndi lumo la mkazi wake galimoto n'kufika nayo ku Limbe, sachepa nzeru pamaso pa mzungu wa garaja yowala ndi magetsi. Chimene tikusowa ife si luso, koma kudziwa kuti chimene chagona kuseri kwa nyumbacho chili ndi mtengo wake, ndiponso chili ndi mbiri yathu m'kati mwake.

Pakuti dera lino lidadziwa makina msanga kuposa madera ambiri a dziko lino. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908 itawoloka Shire pa Chiromo, ndipo pambuyo pa sitima padabwera malole otuta thonje m'misika ya kumidzi, poyamba a makampani ndi a bungwe la boma logula mbewu, kenaka a ADMARC kuyambira mu 1971. Abwanamkubwa a pa boma, alangizi a zaulimi a pa siteshoni ya kafukufuku ya pano pa Makhanga, ansembe ndi masisitere a ku mishoni, onsewa adali kuyenda pa Land Rover, popeza nthawi ya dzinja padalibe galimoto ina yolimba mtima ndi matope a makande. Agogo athu ambiri adapita kuchipatala cha Trinity ku Muona atagona kumbuyo kwa galimoto zotere, ndipo ena a inu amene mukundimvera mudabadwira m'menemo, msewu utatalika.

Tsono madzi osefukira a mu 1997 atadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo paja timati pa Mtayamoyo, sitima idayamba kubwerera pano pa Makhanga, ndipo amene adatsala kutisenzera mpunga, mbatata ndi nsomba zouma adali matola okalamba aja, amene eni magalimoto atsopano sadafune kupikisana nawo pamsewu woipa.

Nanga n'chifukwa chiyani magalimoto amenewa amatheka kuukitsidwa, pamene atsopano akafa amafa ndithu? Yankho lili m'kapangidwe kake. Land Rover yoyamba idaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, nkhondo yachiwiri itangotha kumene, nthawi imene chitsulo chidali chosowa ku Mangalande. Motero akatswiri a ku Solihull adaiveka thupi la aluminiyamu, limene silichita dzimbiri lofiira monga chitsulo, nalimanga ndi mabawuti pamwamba pa chasisi, kotero kuti munthu wokhala ndi masipanala ndi anzake atatu angathe kuivula yonse pansi pa mtengo, chitseko pachokha, denga palokha, naibwezeretsanso. Zimene zimapezeka kwambiri kuno ndi za mtundu wa Series IIA, woyamba mu 1961, ndi Series III, wopangidwa kuyambira mu 1971 kufikira mu 1985. Lole ya Bedford ya mphuno yaitali ija, imene idatuluka mu 1958, ili ndi injini ya masilinda asanu ndi limodzi yosabisa kanthu, ndipo ku Pakistan amaikonzabe ndi kuikongoletsa ndi maluwa a utoto mpaka lero, ngakhale fakitale yake idaleka kalekale. Peugeot 404 idayamba mu 1960 ku France, ndipo ku Kenya adapitiriza kuimanga mpaka mu 1991, chifukwa misewu ya mu Africa idaiyesa niipeza yokhulupirika. Palinso Land Cruiser yakale ya m'zaka za 1960 mpaka 1984, Toyota Stout, ndi kapikiapu ka Nissan 1400 kamene abale athu ogwira ntchito ku Joni adali kubwera nako, kamene ku South Africa adaleka kukapanga mu 2008. M'magalimoto onsewa mulibe kompyuta. Vuto lake limamveka ndi khutu, limaoneka ndi maso, limanunkha ndi mphuno.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mtima wayamba kale kudumpha, amene mwakumbukira chiphapha cha kwa amalume anu. Malembo amatichenjeza za munthu uja woyamba kumanga nsanja asanawerenge chuma chake, amene adasanduka choseketsa cha odutsa. Ndipo ndikuuzani kuti mtengo wogulira chiphapha ndiwo waung'ono pa mitengo yonse imene mudzalipira. Amene alibe ndalama yotsala akagula chakudya cha ana ndi kulipira sukulu, ntchito iyi aiyang'anire patali, kapena alowe m'gulu ndi anzake, popeza mutu umodzi susenza denga.

Musanagwire sipanala, funsani mwini. Magalimoto ambiri ogona m'midzi eni ake adatisiya, ndipo amene akukuitanirani malondayo kawirikawiri ndi mphwake kapena mchimwene wa malemu, amene adzakuuzani motsitsa mawu kuti, "Achimwene, za mapepala musadandaule, tidzaona m'tsogolo, inu ingobweretsani ng'ombe mudzaikoke usiku." Mukamva mawu otere, tsanzikani mwaulemu, mubwerere kwanu. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana ake, ndipo kulanda katundu wawo ndi mlandu. Wogula naye sapulumuka manyazi. Khalani pansi ndi banja lonse, nyakwawa alipo, mupemphe bulu buku, muyerekeze nambala yolembedwa m'menemo ndi nambala yodindidwa pa chasisi ndi pa injini, ndipo kusintha kwa umwini kukachitike ku ofesi ya Road Traffic apolisi atatsimikiza kuti galimotoyo si yakuba. Ndi njira yotopetsa, ndipo kwa ife a kuno imafuna ulendo wautali, koma galimoto yopanda mapepala, ngakhale muikonze iwale ngati kalilole, idzathera pabwalo la polisi.

Mukatha za anthu, lowani pansi pa galimotoyo ndi nyundo yaing'ono ndi tochi, osasamala utoto wa pamwamba, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo, chikhato ndi chikhato. Chitsulo chamoyo chimayankha kuti ngwee. Chodyeka chimangoti phu, n'kugwetsa makoko ofiira pankhope panu, ndipo nthawi zina nyundo imalowa ndithu. Pa Land Rover yang'anitsitsani mtanda wa kumbuyo pamene amakokerapo ngolo, timikono totuluka m'mbali tonyamula thupi, malo omangirirapo masipuling'i, ndi khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala. Mukaona ufa woyera pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo, dziwani kuti awiriwa akhala akudyana m'chinyezi. Injini yakufa imagulidwa ina, giyabokosi imamangidwanso. Koma chasisi chowola m'litali mwake monse ndicho chizindikiro chakuti galimotoyo ingokhala yopereka masipeya kwa zinzake.

Pano pa Makhanga tili ndi mdani wina amene anzathu a ku London samdziwa. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake nadzera m'midzi, mu 2019 kudabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana, ndipo mu Malichi 2023 Freddy. Tsono galimoto iliyonse imene idagona pansi m'zaka zimenezi tiyenera kuiyesa kuti idamwa madzi. Madziwo amaphwa, koma matope amatsala m'kati mwa chasisi, chimene chili ngati bokosi lotsekeka, nasunga chinyezi chaka chonse, nadya chitsulo kuyambira m'kati pamene diso silifika. Masulani bawuti wa pansi pa injini, wa giyabokosi ndi wa difu, muone chimene chituluke: mukaona madzi akutsogola, kapena oyilo woyererako ngati tiyi wamkaka, ntchito yanu yakula. Ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse, musayerekeze kuliza injini yotere ndi batire kapena kuikankha kuti muone ngati ili moyo. Mpweya umapanikizika, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera n'kukumana ndi madzi m'silinda, mkono wake umapindika pomwepo, ndipo injini imene ikadachira ndi oyilo wa ndalama zochepa imafa m'kuphethira kwa diso.

Amakaniko akale amachita motere. Amachotsa mapulagi onse, nathira m'bowo lililonse dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono, natseka ndi kansanza, nachoka. Mawa lake amabwera, nalowetsa hendulo kutsogolo, kapena sipanala yaikulu pa bawuti wa pule, nayesa pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, osaumiriza. Ikakana amathiranso, napita kudimba. Pamatha sabata, mwina ziwiri, mwana wophunzira ntchito atayamba kale kung'ung'udza kuti, "Abwana, bwanji tingoikoka ndi thirakitala ili m'giya?" ndipo mkuluyo amangomuyang'ana, nati, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha." Tsiku lina hendulo ija imasuntha kachala kamodzi, mawa lake chikhato, kenaka imazungulira yonse, dizilo wakuda akulavuka m'mabowo. Apo ndipo amatsuka thanki, nasintha oyilo ndi sefa, napala mapointi ndi kasandipepa, natsuka kabuleta ndi petulo m'mbale yakale, kabowo kalikonse akukapemerera ndi pakamwa. Ndipo injini ija ikakhosomola kawiri katatu, n'kugwira, utsi uli tolo, ana a mudzi wonse atathamangira pomwepo, munthu amakumbukira chigwa chija cha mafupa ouma chimene adaona mneneri Ezekieli.

Pali misampha ing'onoing'ono imene yagwetsa ambiri. Magalimoto a ku Mangalande a masiku amenewo adamangidwa ndi mabawuti a muyeso wa mainchi, motero sipanala ya mamilimita imaterereka n'kuwadya mitu. Funani masipanala akale kwa amisiri opuma ntchito. Ambiri opangidwa chisanafike pakati pa zaka za m'ma 1960 amalumikiza batire mosiyana ndi a lero, mbali ya pozitivi ndiyo yopita ku chasisi, ndipo wosafunsa adzatentha mawaya. Paja safunsa adadya phula. Petulo nayenso adasintha. Wakale adali ndi mtovu umene unkateteza pokhalira mavavu, koma kuyambira mu 2006 petulo wotere adaletsedwa m'maiko a kuno kwathu, choncho mutu wa injini yakale umafuna kuikidwa pokhalira polimba ngati galimotoyo idzayenda maulendo aatali. Ndiponso petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, wochokera ku Dwangwa kuyambira mu 1982 ndi ku fakitale ya PressCane ku Chikwawa kuyambira mu 2004. Ndi chinthu chabwino ku chuma cha dziko, koma amafewetsa mapaipi a labala akale, ndipo paipi yodontha pamwamba pa injini yotentha, m'kutentha kwa kuno, ndi moto. Sinthani mapaipi onse a mafuta, ngakhale aoneke abwino.

Za masipeya ndinena mwachidule, popeza aliyense amadziwa njira ya ku Ndirande ndi ku Limbe. Nyamulani chitsulo chakuthacho m'manja kuti mukayerekeze, musadalire dzina lokha. Za Land Rover zimapangidwabe zatsopano ku Mangalande ndipo zimapezeka ku South Africa, kotero mbale wa ku Joni angathe kukutumizirani pa basi. Za Bedford zimafuna kuyenda ndi kufunsa m'magaraja akale.

Chimene ndifuna kukhalapo pang'ono ndi dongosolo la ntchito, pakuti apa ndi pamene timalakwa kwambiri ife Amalawi, okonda zooneka. Munthu injini ikangolira amathamangira kwa wopenta, nalembetsa mawu okoma kumbuyo, naika wailesi ya mkokomo, mabuleki akadali omwe adagona m'madzi a Freddy. Galimoto yosayenda siipha munthu. Yoyenda koma yosaima ndiyo imapha. Amene adatsikapo phiri la Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena msewu wa ku Thekerani, akudziwa chimene ndikunena. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, timapaipi take timachita dzimbiri, timalabala ta m'masilinda timauma. Zonsezi zichotsedwe, zilowe zatsopano, ndipo pano pokha musagule zakale ngakhale zitsike mtengo chotani. Pambuyo pa mabuleki pabwere chiwongolero, kenaka matayala, pokumbukira kuti tayala lokhala zaka zambiri padzuwa limang'ambika m'mbali ngakhale mapazi ake akhale akuya. Kenaka redieta, imene kuno kotentha iyenera kutsukidwa bwino lomwe. Kenaka mawaya ndi nyali. Utoto ndiwo wotsiriza, COF ndi inshuwalansi zitayandikira. Fulumira adadya gaga.

Pali mkangano pakati pa okonda ntchitoyi umene sindingaulumphe. Ena amati galimoto yakale ibwezedwe monga idatulukira m'fakitale, bawuti aliyense, mtundu wa utoto womwewo. Ena amati chachikulu n'chakuti iyende, motero amachotsa injini ya petulo ya Land Rover naikamo ya dizilo ya Toyota, yosamwa mafuta ambiri. Ine sindingadzudzule bambo wa ana asanu amene wachita zimenezi kuti atute mpunga wa ku Muona, popeza galimoto yogwira ntchito imasamalidwa, pamene yongoonetsa imaiwalika ndalama zikavuta. Pempho langa ndi limodzi: injini yakaleyo musaigulitse, ithireni oyilo, muiphimbe, muisunge pouma, ndipo musadule chasisi kotero kuti sichingabwererenso mwakale. Wogula wa mawa, kapena mdzukulu wanu, adzafuna nambala ya injini yogwirizana ndi bulu buku, ndipo mtengo wa galimotoyo udzakhala pamenepo.

Amene amandimvetsa chisoni ndi awa ogulitsa ziphapha kwa ogula zitsulo, amene amayenda m'midzi ndi sikelo nagula pa kilogalamu monga agulira nandolo. Lole imene idatuta thonje la chigwa chino zaka makumi awiri imadulidwa ndi moto tsiku limodzi, ndipo ndalama yake siifika mwezi. Chonsecho giyabokosi yake yokha, difu yake yokha, ngakhale kachizindikiro ka dzina ka pamphuno, zikadagulitsidwa pazokha kwa wozifuna zikadaposa mtengo wa chiphapha chonse. Amene mudafikapo ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mudaona ana a sukulu akuzungulira masitima a nthunzi oimikidwa pabwalo paja, akufunsa mafunso osatha. Ana a kuno nawo ayenera kukhala ndi choti aloze, ndipo anyamata ndi atsikana ofuna umakaniko, asanapite ku maphunziro a TEVETA, palibe mphunzitsi wowaposa injini yakale imene ziwalo zake zonse zimaoneka ndi kugwirika.

Tsono inu amene muli ndi chiphapha pakhomo, ngakhale mulibe ndalama yochikonzera chaka chino, pali zimene mungachite sabata ino osalipira kanthu. Funani bulu buku, muliike m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi makalata anu ofunika. Chotsani udzu ndi dothi lounjikana pansi pake, muchikweze pa njerwa kapena pa zipika kuti chasisi chisakhudze nthaka, mutseke kabuleta ndi paipi ya utsi kuti mavu ndi makoswe asamangemo. Ndipo koposa zonse, inu a m'malo otsika a Makhanga ndi Osiyana, pemphani anzanu ndi ng'ombe ziwiri muchikokere kumtunda mvula ya Disembala isanayambe.

MUULUTSI: Omvera athu, amene muli ndi mafunso, kapena mukudziwa kumene kwagona galimoto yakale ndi mbiri yake, tilembereni kalata kuno ku wailesi yanu, mutchule mtundu wake ndi mudzi umene ili. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi yonga yomweyi. Tsalani bwino.

(Valimba)